Wophunzira Wachisanu

Pakoleji pathu, ku Minnesota kuno, mwana saloledwa kukakamira phunziro limodzi ngati nkhupakupa. Wofuna udokotala amalawako ndakatulo, woimba amalawako masamu. Mwambowu ndimaukonda chifukwa ndi umene umandidyetsa ine mphunzitsi wa Chilatini. Koma pali lamulo lina londiwawa: kalasi ikapanda kukwana ana asanu pofika Lachisanu la sabata yoyamba, imatsekedwa. Chaka chimenecho ndinali ndi anayi.

Lolemba ndikuyamba kuphunzitsa, chitseko chinatseguka, n'kulowa chimnyamata cha mapewa ngati kabati, chitavala jekete la timu ya mpira. Chinakhala kumbuyo, mpando n'kulira. Ndinadziwiratu kuti chasochera, poti anyamata a mpira onse amathamangira phunziro la miyala m'chipinda choyandikana nafe. Koma ife akuno timaopa kukhumudwitsa munthu kuposa mmene timaopera chisanu. Kutuluka wina akulankhula? Bola kufera pampando.

Tsikulo ndinkawawerengera zimene anthu akale ankalemba pamakoma, kunyoza wophika buledi wina kuti ndi wakuba. Ana anaseka, chimnyamatacho chikungomvetsera.

Titaweruka ndinachiitana.

"Dzina ndani, achimwene?"

"Boone Halvorsen, aphunzitsi. Pepani kwambiri, ndimayesa muno ndi mwa miyala."

"Nanga osatuluka bwanji?"

"Aa, inu mukulankhula? Amayi anga atamva akhoza kundisenda."

Mtima unkanditsina kuti ndimunyengerere akhale wachisanu, koma ndinamulozera chitseko choyenera. Lachitatu sanabwere.

Lachisanu a Prewitt, mkulu wa maphunziro, anabwera okha kudzawerenga mitu. Ndi munthu wabwino, koma akamabweretsa uthenga woipa amamwetulira mpaka umalakalaka kuwagenda ndi choko.

"Mayi Lindqvist, ndikuona anayi," anatero. "Kapena wina wabisala pansi pa tebulo?"

"Dziwerengeni nanunso, a Prewitt. Chilatini sichiluma."

Odalys, mtsikana amene anasiya kwawo kutali chifukwa cha kalasi yomweyi, anayamba kulongedza mabuku misozi ili m'maso. Zinandipweteka koopsa.

Pomwepo tinamva mapazi olemera pakhonde. Boone anasuzumira, chipewa chili m'manja.

"Odi, aphunzitsi. Malo alipo?"

"Wasocheranso iwe! Kwa miyala ndi uko."

"Ayi, lero ndabwera dala. Dzana ndinali konko, koma mumangoseka kuno, khoma lake n'lopyapyala. Wabuledi uja zinamuthera bwanji?"

"Nanga miyala yako?" anafunsa a Prewitt.

"Bwana, miyala yakhalapo kuyambira kalekale. Indidikira chaka chamawa."

A Prewitt anawerenganso ndi chala mpaka kasanu, n'kutuluka. Ine ndi chimwemwe ndinatembenukira kubolodi kuti ana asandione nkhope.

"Odalys, tulutsa mabukuwo," ndinatero. "Ndipo umusunthire mnzakoyu, akhale kutsogolo."