Manja m'Thumba

A Sipanala anatenga kagalu kosakira mbalame iwo ali kale ndi imvi, ndipo anzawo a pagalaji anawaseka kuti abereka paukalamba. Iwo sanakane. Chimwalirireni akazi awo nyumba inali zii, ndiye kupeza wokalipira m'mawa kunali kuchira. Kagaluko kankagona pansanza za oilo kuseri kwa chitseko, n'chifukwa chake anakatcha Nsanza.

Anamuphunzitsa monga ankamasulira injini, osakakamiza bawuti. Ankamanga phiko la nkhwali kuchingwe n'kumaligwetsa paudzu. Nsanza akati alumphe, iwo ankalikoka, mpaka anadziwa kuti mbalame sathamangitsa, amaiimira, mwendo umodzi m'mwamba, kudikira mwini mfuti. Akamadya, ankamumenyera limu la tayala la galimoto ndi hamala, poyamba kutali, kenako pafupi, kuti kulira kwa mfuti kudzamukumbutse mbale, osati mantha. Ankamunyamulitsa dzira laliwisi kuchokera kukhitchini mpaka pakhonde kuti pakamwa pafewe. Anaswa mazira ambirimbiri, mwinanso dala, a Sipanala n'kumadandaula kuti galu akudya bwino kuposa mwini nyumba.

Koma lamulo lalikulu linali limodzi. Chilichonse chimene Nsanza wabweretsa, kaya ndi silipasi, kaya ndi khoswe wakufa, ankachilandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo, mwanawe." Galu wa mbalame amatumikira dzanja limene limamulandira.

Amene anawachita chipongwe ndi maso. Anayamba kuona chifunga masana, ndipo adokotala sanazungulire: mitsempha yafa, sizidzabwerera. Mfuti anakaibweza kupolisi. Nsanza anali atakula, mphuno itakhwima, koma womuombera mbalame panalibe. Ankangoimira nkhunda za padenga la galaji mpaka kunjenjemera, akudikira mfuti yosalira. Zimenezi zinawawawa a Sipanala kuposa masowo. Anaimbira foni mlamu wawo, mlongo wa malemu akazi awo, dalaivala wa malole wokhala kutali, mlenjenso mnzawo.

"Alamu, munanditengera mlongo wanga, lero mukundibwezera galu?" anaseka dalaivalayo atafika.

"Mlongo wanuyo ankaluma. Uyu saluma," anatero a Sipanala. Anaseka onse, kuseka kosafika kumtima.

Masiku otsatira, wopereka chakudya anali mlamuyo. A Sipanala ankadzitsekera m'chipinda, akumva galu akukanda chitseko. Tsiku lonyamuka lisanafike, onse awiri anapita ndi Nsanza kutchire la kuseri kwa njanji, kuti akayesedwe pambalame yeniyeni.

Mbalameyo a Sipanala sanaione. Anangomva udzu utasiya kuphwanyika, n'kudziwa kuti mwana wawo waima. Kenako mapiko phaphapha, mfuti ya mlamuyo phuu! Nsanza sanadzidzimuke n'komwe. Anathamanga, natola nkhwali yake yoyamba, n'kumudutsa mlamuyo ngati chitsa. Anadzakhala pamapazi pa a Sipanala.

Manja awo anali atanyamuka kale okha. Anawabweza, n'kuwapisa m'thumba.

Nsanza anadikira. Anawagunda bondo ndi mbalameyo, mchira ukusesa fumbi. Anawagundanso. Kenako anayamba kulira chapansipansi, mbalame ili pakamwa, osaifinya ngakhale pang'ono, ndendende monga anamuphunzitsira.

"Alamu, ingolandirani," anatero dalaivala, mawu atasintha. "Ndi yoyamba iyi. Kamodzi kokha sikapha."

"Ndikalandira, wanu sakhalanso. Akakuthawani kumeneko, azikandifunafuna m'misewu. Mukufuna akapondedwe ndi malole anu omwewo? Muitaneni."

Mlamuyo anagwada n'kuimba likhweru. Nsanza sanasunthe. A Sipanala anatembenuka, namufulatira, chinthu chimene sanamuchitepo chibwerereni. Mtima unawasweka pamenepo, ndipo galu uja anadziwa kuti wakanidwa, ngakhale sanadziwe chimene walakwa. Patapita nthawi a Sipanala anamva mapazi a galuyo akuchoka pang'onopang'ono, kuima, kuchokanso.

"Manja awiri, alamu!" anakuwa osacheuka. "Muthokozeninso. Amayembekezera zimenezo."

"Zikomo, mwanawe," anatero mlamuyo.

M'mawa mwake lole inanyamuka, Nsanza ali kutsogolo pampando. A Sipanala anaima pageti la galaji manja ali m'thumba mpaka injini itasiya kumveka. Wina mwa amakaniko anafuna kuwaseka, koma atawaona kumaso anabwerera pansi pa galimoto.

Kunyumba anakhala pabedi, natenga thalauza la dzulo lija kuti alipinde. Pabondo pake chala chinakhudza kanthu kofewa. Kanali kanthenga ka nkhwali, katamatirira ndi malovu ouma pomwe Nsanza ankawagunda. Anakamatula mosamala, nakaika m'manja awiri.

"Zikomo, mwanawe," anatero.