Mlatho Umene Peggy Anakana Kusainira

Uthenga utafika woti Keziya wasankhidwa kukaphunzira za akaunti ku yunivesite ku Blantyre, anansi a ku Masasa anabwera kudzaimba nthungululu. Koma bambo ake, a Winston Manda, anangokhala pakhonde atagwira tsaya.

"Sapita," anatero alendo atabalalika. "Pawailesi timamva kawirikawiri kuti akauntanti wamangidwa, akauntanti ali kukhoti. Ndalera mwana kuti ndizikamuona kundende? Adikire, adzafunsire za unamwino chaka chamawa."

"Adada, ine magazi ndimaopa," anatero Keziya misozi ili m'maso. "Masamu ndi amene ndimawatha."

"Ndanena ndanena."

Masiku olembetsa anali pafupi kutha, ndipo Keziya akanapanda kupita, malo akewo akanamudutsa. Lamulungu potuluka m'tchalitchi, mayi ake, a Stella, anakokera pambali Peggy Mkandawire wa ku Msongwe. Ankaimba naye kwaya ya amayi, ndipo ankadziwa kuti ndi akauntanti ku bungwe lina lothandiza anthu akumudzi.

Peggy anamvetsera nkhani ya Keziya mpaka kumapeto. "Kuwatsutsa ndi pakamwa sikuthandiza, amama," anatero. "Loweruka ndikupita kukayendera ntchito yathu kunja kwa tauni. Auzeni adada abwere, ndi Keziya yemwe."

A Manda anavomera chifukwa cha ulemu chabe. Iwo ankawotcherera zitsulo pafupi ndi msika, ndipo kutseka shedi Loweruka kunawawawa. Mvula inali itagwa sabata yonse. Galimoto ya bungwe inkaterereka m'matope ofiira, kenaka inaima pamwamba pa chitunda.

Atatsika anamva mkokomo ngati wa chigayo. Kumunsi, mtsinje unali utadzaza, ukukokolola nthochi ndi zitsa zamitengo. Pamwamba pa madzi olusawo panali mlatho wautali wa simenti ndi zitsulo, utaima nji. Amayi osenza mitolo ya nkhuni ankawoloka akucheza. Wa kabaza anadutsa atanyamula mayi woyembekezera, osatsika n'komwe.

A Manda anavula chipewa. Anayenda mpaka pakati pa mlathowo, nagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri. Pansi pa mapazi awo madzi ankawinduka, koma mlathowo sunagwedezeke.

"Chiuta wane!" ananong'ona. "Anthu anamanga chinthu apa."

Mayi wina wachikulire amene ankawoloka anamuona Peggy, natula mtolo wake pansi.

"Monire, NyaMkandawire! Mwabwera kudzaona mlatho wanu?"

"Yewo, amama. Ndi wa tonse."

"Wanu bwanji?" anafunsa a Manda. "Kodi inu ndinu injiniya?"

Mayi uja anaseka. "Adada, simukudziwa? Kontirakita woyamba anaika tizitsulo toonda ngati ta mpanda wa nkhuku. Ankafuna alipidwe msanga, azipita. Mayi awa anabwera ndi injiniya, anaona, n'kukana kusaina kuti alipidwe. Ife tinakwiya chomene, tinkati akutichedwetsa. Tinawatukwana pamsonkhano, ine ndemwe ndinali patsogolo! Koma anaumirira mpaka zonse zinagumulidwa, ntchito n'kuyambanso. Taonani madziwa lero. Ukanakhala woyamba uja, bwenzi tikulira maliro."

A Manda anamuyang'ana Peggy ngati akumuona koyamba. Anali mayi wamfupi, wovala nsapato za jombo ndi chitenje cha kwaya, yemwe uja amakhala benchi yachitatu m'tchalitchi.

"Simunaope?" anafunsa Keziya.

"Ndinaopa, mwana wanga. Kontirakitayo anabwera kunyumba ndi mbuzi komanso envulopu ya ndalama. Ndinamubweza nazo pageti, m'mawa mwake n'kukauza akuluakulu anga. Ku yunivesite sanatiphunzitse masamu okha. Anatiphunzitsa malamulo a ntchito, misonkho, kayendetsedwe ka makampani, ndi mmene ungakanire munthu wofuna kukugula. Ukamaliza zaka zinayi, umalembanso mayeso a bungwe la maakauntanti, ndipo ukachita zachinyengo amakuchotsa m'bungwemo."

"Nanga omangidwa aja?" anafunsa a Manda, koma mawu awo anali atafewa.

"Alipo, adada, sindingakunamizeni. Koma mukudziwa amene amawagwira? Ndi maakauntanti anzawo, otchedwa maodita, amene ntchito yawo ndi kufufuza ngati chuma chayenda bwino. Wakuba m'modzi amamveka pawailesi. Ambirimbiri amene akuonetsetsa kuti mankhwala afika kuchipatala ndiponso aphunzitsi alandira malipiro, simudzawamva."

Ali m'galimoto pobwerera, Keziya sanasiye kufunsa. Peggy anamuuza za anzake a m'kalasi. Wina ali kubanki, wina amaona za misonkho kuchipata cha dziko, wina amaphunzitsa kukoleji. Mnzake wapamtima anatsegula ofesi yakeyake ku Chibanja, ndipo amathandiza eni magolosale ndi magalaja kuti mabizinesi awo asagwe.

"Kulikonse kumene anthu asonkhanitsa chuma kuti achite chinthu, pamafunika munthu wokhulupirika wochiyang'anira," anatero. "Ntchito sibwera yokha ayi, umaisaka ndithu. Koma makomo ogogoda ndi ambiri."

Atafika ku Masasa, a Manda anatsika n'kugwira dzanja la Peggy ndi manja awiri.

"Yewo chomene, NyaMkandawire. Ine ndimayesa ntchito yanu ndi kukhala patebulo basi." Kenaka anatembenukira kwa mkazi wawo, amene anali atatuluka kudzawalandira. "Amake Keziya, mwanayu mufunireni chikwama. Akupita."

Keziya anapita, ndipo sizinali zophweka. Chaka chachiwiri analephera phunziro la misonkho, n'kulibwereza. Patchuthi ankagwira ntchito yophunzirira ku ofesi ya ku Chibanja ija. Atamaliza digiri anakhala miyezi ingapo akufunsira ntchito, mpaka analembedwa ndi kopaletivi ya alimi a khofi.

Pa msonkhano wapachaka wa alimiwo, Keziya anaitana makolo ake. Holo inadzaza ndi anthu ochokera kumapiri, ena aimvi zoposa za a Manda. Mwana wawo anaima kutsogolo, nafotokoza m'Chitumbuka chomveka bwino mmene khofi wawo anagulitsidwira ndi chifukwa chake makina atsopano ayenera kudikira chaka china. Mlimi wina anamupanikiza ndi mafunso ovuta. Keziya anayankha limodzi ndi limodzi, osapsa mtima, mpaka mlimiyo anagwedeza mutu n'kukhala pansi. Holo yonse inaomba m'manja.

A Manda anakoka malaya a bambo amene anakhala nawo pafupi. "Ameneyo ndi mwana wanga," anatero.

Makolo, mwana akasankha maphunziro amene simukuwadziwa bwino, musamuletse chifukwa cha mantha kapena zongomva. Pitani naye kwa munthu amene akugwira ntchitoyo, mufunse, muone ndi maso anu. Maphunziro a akaunti amatsegula njira zambiri, ndipo dziko lathu likufuna ana okhulupirika oti aziteteza chuma cha anthu.