Tebulo la Awiri Kuseri kwa Chipilala

Kampani ya a Abson ku Heavy Industrial Area itagulidwa ndi anthu a ku South Africa, anzawo ambiri anauzidwa kuti akapume kunyumba, koma iwo anatsala, n'kukwezedwa kukhala woyang'anira nyumba zonse zosungiramo katundu. Eni atsopanowo anali ndi kachitidwe kawo. Chaka chikayenda bwino, mamanijala ndi akazi awo ankawatumiza ku Durban kukakwera sitima yapamadzi, yaitali ngati mafulati a ku Kabwata, n'kumayandama panyanja akudya ndi kugona. Chaka chimenecho dzina la a Abson linatuluka nawo.

Wina akanavina, koma a Abson anatuluka thukuta. Madzi sankawaopa, ndege sankaiopa. Chimene chinawasowetsa mtendere chinali tebulo. Anamva kuti madzulo aliwonse a kampani onse azidzadyera pamodzi, mabwana ndi akazi awo a kumayadi ku Kabulonga ndi Woodlands, aja olankhulira Chingelezi m'mphuno. Ndiye pakati pawo padzakhale a Winifred, amake Becky, amene anawakwatira ku Katete iwo akadali kalaliki wa nsapato imodzi, mayi amene sukulu anailekera panjira ndipo foloko ankangoigwira poitsuka.

Kunyumba kwawo ku Kabwata chakudya chinali ndi dongosolo lake. Bambo ankadyera patebulo pabalaza, mayi ankabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kubwerera kukhitchini kukadyera pakampando ndi ana. Palibe analamula zimenezi, anangozipeza choncho kwa makolo. Ana anakula n'kuchoka, koma kampando kaja kanatsala pamalo pake.

Tsiku lina masana a Abson anazemba kuntchito n'kupita ku ofesi yokonza maulendo mumsewu wa Cairo. Anapeza Chilufya, mtsikana wa ku Copperbelt wa pakamwa posachedwa, amene ankakonza ulendo wa kampani yonse.

“Shani ba bosi, nkalani pansi,” anatero Chilufya, atayamba ndi moni wa kwawo. “Vakudya vili so. Pali njila ziwili. Yoyamba ni tebulo ikulu, ntawi imozi, bantu bamozimozi daily. Yachiwili mudya ntawi yamene mufuna, mungofika pa doo, ba weta bakupezelani malo. Koma ngati mufuna tebulo ya bantu babili chabe, nifunika kubauza manje, chifukwa matebulo yaso niyang'ono.”

“Yamene iyo ya babili,” anayankha a Abson msangamsanga. “Ngati kuli ya kukona, olo kumbuyo kwa chipilala, ndiye bwino.”

Chilufya anaseka. “Iyee, ba bosi, hanemuni!”

Pamenepa munthu wanzeru akanangomwetulira n'kutuluka. Koma a Abson, pofuna kuti mtsikanayo amvetse kuti nkhaniyi ndi yaikulu, anatsitsa mawu n'kumasula zonse. Anati amayi akunyumba ndi munthu wabwino, koma mafoloko sawadziwa, Chingelezi n'chothyokathyoka, ndipo safuna kuti mabwana akawaonerere. Chilufya anagwedeza mutu mwachifundo, nati asadandaule.

Patapita masiku, a Abson pobwera kuntchito anapeza zachilendo. Patebulo panali mbale ziwiri, mipando iwiri yoyang'anizana, ndi nsalu ija imene inkatuluka pa Khirisimasi pokha. A Winifred anali ataima pambali, akupotokola nsonga ya chitenje ngati mtsikana.

“Kunabwela foni kuchoka ku tauni,” anatero. “Ati tebulo yapezeka. Ati mwakana kudya na mabwana, mufuna kudya na ine chabe.” Anayang'ana pansi, akumwetulira. “Batate ba Becky, zaka zonse izi, kansi munali kufuna? Ndiye nati tiyambe kuzolowela.”

A Abson anamva manyazi kuyambira kumapazi. Anasamba m'manja n'kukhala. Akazi awo anakhala mbali inayo, m'mphepete mwa mpando ngati mlendo, ndipo kwa nthawi yoyamba a Abson anawaona akudya. Anaona kuti amasankha mutu wa nsomba, kuti tsabola amathira wochuluka, kuti akamatafuna amaphimba pakamwa chifukwa dzino lina linaguluka. Zonsezi bamboyo sankazidziwa.

Nkhani inafalikira, chifukwa chimwemwe cha a Winifred sichinali chobisika. Lachinayi anakauza amayi anzawo a Chigwirizano, ndipo Lamlungu a Abson potuluka m'tchalitchi anapeza amayi akuwapatsa moni ndi manja awiri. Wina anauza mwamuna wake pamaso pa anthu kuti aphunzireko kwa a Abson. Becky anaimba foni kuchokera ku Chelstone kumene anakwatiwa, akuseka, ati sankadziwa kuti adadi ali ndi chikondi cha m'mafilimu. A Winifred anapita ku Kamwala kukagula nsalu yabuluu, telala n'kuwasokera diresi la manja aatali. Tsiku ndi tsiku mbale ziwiri zinkadikira patebulo, ndipo mayi uja, amene kale ankangoti “madzi awa” n'kuchoka, tsopano ankasimba nkhani mpaka a Abson kuseka chakudya chili m'kamwa.

Choipa n'chakuti a Abson anayamba kuzikonda. Ankaweruka msanga. Kangapo anatsegula pakamwa kuti aulule, koma akaona nkhope ya akazi awo ankangopempha mchere. Anadzinyenga kuti bodza likakhala nthawi yaitali m'nyumba limasanduka zoona, ndipo anaganiza kuti Chilufya, ndi anthu onse amene amadutsa muofesi muja, anaiwala kale.

Tsiku lokatenga matikiti anafunika onse awiri ndi mapasipoti awo. A Winifred anavala diresi labuluu lija, ati alione ngati likuyenda bwino. Chilufya atawaona anadzuka n'kuwagwira manja onse awiri.

“Ba mayo, mwaoneka bwino! Tebulo yanu ilipo, kukona, kumbuyo kwa chipilala monga mwamene ba bosi banakambila.” Kenaka anawaweramira, mokoma mtima ndithu, ngati mwana wolimbikitsa mayi ake. “Ndipo musayope va mafoloko na Chizungu. Ba bosi bananiuza vonse. Paja palibe azakuonani, olo mabwana. Mungadye na manja, muli free.”

A Abson anayang'ana chithunzi cha sitima chimene chinali pakhoma ngati akufuna kulowamo. Muofesi munali fani, koma malaya anawamatirira kumsana. Anadikira kuti akazi awo alire kapena akalipe, chilichonse chimene munthu angayankhe. A Winifred anangosiya kumwetulira pang'onopang'ono, n'kubweza manja awo.

“Zikomo mwanangu,” anatero. “Wagwila nchito.”

M'minibasi yopita ku Kabwata anakhala mophathikizana, mapewa akugundana pa bampu iliyonse, koma a Winifred ankangoyang'ana pawindo. Atatsika, mayi wina wa Chigwirizano amene ankagulitsa tomato pamsika anakuwa, “Ba hanemuni, muyenda liti?” A Winifred anamukwezera dzanja n'kupitirira. A Abson ankabwera m'mbuyo atanyamula envelopu ya matikiti, osadziwa poiika.

“Amake Becky,” anayamba atafika pakhomo, “sivamene ninali kutantauza.”

“Munatantauza chani?”

Funsolo linali lofatsa, koma a Abson anangotembenuza envelopu ija m'manja. Akazi awo anadikira pang'ono, kenaka analowa kuchipinda. Anatuluka atavala chitenje chawo chakale, diresi lija atalipachika kuseri kwa chitseko.

Dzuwa litapendeka chakudya chinabwera. Nsalu ya Khirisimasi inali itachotsedwa. Patebulo panali mbale imodzi, ndipo mpando wachiwiri unali utabwerera kukhoma. A Winifred anagwada ndi beseni monga kale, anathira madzi m'manja mwa amuna awo, n'kupita kukhitchini. A Abson anakhala akuyang'ana mbaleyo. Kwa zaka zambiri anadyera pamalo omwewo okha osaona chovuta, koma tsopano ankamva ngakhale phokoso la supuni ya kukhitchini. Anali atapatsidwa nsomba yonse, ndi mutu womwe.

Ananyamula mbale yawo n'kukaima pakhomo la khitchini. Akazi awo anali pakampando kaja, atafulatira, mbale ili pamiyendo. Munalibe mpando wina, ndipo a Abson anazindikira kuti sanayambe afunsapo chifukwa chake.

“Amake Becky, bwelani tidye kuja. Napapata. Pa sitima tizankala na bonse, pa tebulo ikulu. Nizapita kukachinja mailo, kukacha chabe.”

A Winifred sanatembenuke. Anamaliza kutafuna, dzanja lili pakamwa.

“Musavutike, batate ba Becky,” anatero. “Ine nili bwino kuno. Palibe oniona.”

A Abson anatsala chiimire pakhomopo, mbale ikuzizira m'manja.