Msomali Wopanda Malaya

Padoko paja ntchito inkayenda chonchi: msodzi asanakwere boti, ankavula malaya ouma n'kuwapachika pa msomali wake m'shedi. Akabwerako ankawachotsa. Mlonda akaona malaya atatsala pakhoma, ankaliza belu, maboti n'kuthamangira kukasaka mwini wake.

Tsiku la chimphepo belu silinalire, chifukwa misomali yonse inali yopanda kanthu. Koma Ndodo, msodzi wina wamtali, nyanja inamusunga.

Asodzi anamuunjikira mlonda ngati njuchi. "Unagona, galu iwe!" Mng'ono wa Ndodo anamulanda makiyi a shedi. Kuyambira pamenepo nkhalambayo inkangokhala pa boti lowola, kupala mamba a nsomba za eni, osayankha munthu.

Mkazi wa Ndodo, wosoka maukonde, ankadziwa kumene kunali malaya a malemuyo: kunsi kwa mtsamiro wake. M'mawa wa tsikulo anawaona pa msomali atang'ambika m'khwapa, nawatenga kukasokera kunyumba. Singano inali ikadali momwemo.

Patatha milungu itatu, akusesa m'shedimo dzuwa likuswa mtengo, anapeza ponyowa pansi pa msomali wa mwamuna wake. Denga silinkadontha. Anagwira ndi chala, nalawa: mchere. Anapukuta. Mawa lake ponyowanso, madziwo atakwawa kulunjika pa mpando umene ankasokerapo.

"Alamu, mukupukuta chiyani tsiku ndi tsiku?" anafunsa mng'ono wa Ndodo. "Mwalembedwa ganyu yokolopa nyanja?"

Mayiyo sanaseke. Anapita pa boti lowola lija.

"Bambo, malaya aja..."

"Ndinawaona, mwana wanga," anatero mlonda, maso ali pa mpeni. "Tsiku la maliro, mkono wa malayawo unkasuzumira kunsi kwa mtsamiro."

"Nanga munakhaliranji chete?"

"Iwe uli ndi ana awiri ndi apongozi a pakamwa pamoto. Ine ndataya chiyani? Makiyi?"

"Ndinakupemphani ine?" anatero mayiyo, nachokapo.

Masana amenewo, asodzi akutsitsa nsomba, analowa m'shedi, napachika malayawo, singano ikulendewera. Kenako anagwira chingwe cha belu ndi manja onse awiri, naliza.

Anthu anabwera akuthamanga, madzi akuchucha m'miyendo.

"Watsala ndani?" anakuwa mlamu wake.

"Watsala mkulu wanu. Malaya ndinachotsa ndine. Abwezereni bambowa makiyi awo."

Mlamuyo anapisa m'thumba, osamuyang'ana. Pakhoma paja, pa malaya amene sanakhudzepo nyanja, panagwa dontho limodzi.