Tenson Atasiya Mapiritsi

Chifuwa cha Tenson chinayamba patangopita masabata atatu chiyambireni kumwa mapiritsi a bipi. Chinali chouma, chopanda makhololo, chongokanda pakhosi ngati wameza mankhusu. Ankatsokomola ali m'dimba, ankatsokomola pakudya, ndipo Lamlungu lina m'tchalitchi anatsokomola mpaka mlaliki anaima kaye kumudikira.

Tenson ndi mkazi wake Ednah anali alimi a ndiwo zamasamba ku Kanakantapa. Makolo awo anachokera ku Katete kalekale, koma iwo anakulira konkuno. Pa puloti yawo ankalima tomato, repu ndi timabiringanya totchedwa impwa, ndipo ankathirira ndi pampu yamagetsi yokoka madzi m'chitsime chobowola. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Kondwa, anakwatiwa ku Kafue. Tenson anali bambo wathupi, wokonda mchere ndi nyama yokazinga. Matenda othamanga magazi anamupeza nawo tsiku lomwe anapita kukiliniki kukadandaula za mutu womwe unkamugwira chakunkhongo.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Ednah chinali maso a anthu. Tsiku lina akulongedza tomato m'mabokosi, mayi wina wodzagula anamuyandikira n'kunong'ona, "Amuna anu anapimitsako magazi? Chifuwa cha so sichibwela chabe."

Mawa lake Ednah anamuperekeza mwamuna wake kukiliniki. Anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Namwino anali yekhayekha, anthu ali thithithi pakhonde, ana akulira. Anamuyeza Tenson pamkono, n'kulemba m'kabuku.

"Bipi yaseluka bwino, yabwela pansi, atate. Pitilizani kumwa."

"Nanga chifuwa?" anafunsa Ednah. "Chinayamba pamene anayamba aya mapilisi."

"Azazolowela. Azimwa madzi yotentha. Wina alowe!"

Patapita masiku ochepa kunabwera Nelesi, mlongo wake wamng'ono wa Tenson, amene ankagulitsa salaula, zovala zovalidwa kale, ku Lusaka. Nelesi ankadwala shuga kwa zaka zambiri, ndipo chaka chimenecho anali atalowa gulu lina lophunzitsana za zakudya zachilengedwe. Anamva kutsokomola kwa mlongo wake asanakhale n'komwe pampando.

"Mulamu, aya mapilisi yazapaya akalongosi anga," anatero kwa Ednah ali awiri kukhitchini. "Thupi ikukana, ndiye chifukwa chake akhosomola. Lelo ni chifuwa, mailo ni impso. Mvelani."

Anayatsa foni. Munali mawu a bambo wina wolankhula modekha ngati m'busa. Ankati mankhwala a m'chipatala amangophimba matenda, kuti munthu akayamba kumwa amamwa mpaka kumanda, kuti makolo athu sankadziwa bipi chifukwa ankadya ndiwo zamasamba monga bondwe ndi chibwabwa, osati mafuta ndi zokometsera za m'mapaketi. Ankatinso nkhawa ndi imene imathamangitsa magazi, ndipo piritsi silichotsa nkhawa. Ednah anamvetsera mpaka pamapeto. Zambiri mwa izo ankazidziwa kale kuti n'zoona, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona ngati pali munthu amene wamumva.

Nelesi anatulutsa m'chikwama botolo loyera la makapisozi obiriwira. Panali chithunzi cha tsamba ndi mtima wofiira.

"Ivi ni vamasamba chabe, vilibe poizoni. Awili kuseni, awili m'mazulo. Nakupatsani mahala, ni m'bale wanga uyu."

Tenson poyamba anakana. "Amake Kondwa, anesi anakamba kuti nisalekeze," anatero madzulo akutsuka mapazi pakhonde.

"Anesi amene sanakuyang'aneni na kumaso? Yesani chabe mwezi umodzi. Ngati sivizayenda, tizabwelela."

Tenson anatsokomola kwa nthawi yaitali, misozi ili m'maso. Atatha anangogwedeza mutu movomera. Ednah ndi amene anatenga kapaketi ka mapiritsi pawindo n'kukakaponya m'chimbudzi ndi dzanja lake.

Sabata isanathe chifuwa chinaleka.

Ednah anaona ngati wapatsidwa mwamuna watsopano. Anachepetsa mchere mpaka Tenson ankadandaula kuti ndiwo zikukoma ngati udzu. Nyama yokazinga inasowa pakhomopo. M'mawa uliwonse ankamupatsa madzi a mandimu ndi adyo wosinja, ndipo m'phala ankathiramo ufa wa masamba a moringa. Mimba ya Tenson inaphwera, lamba anabowola kawiri. Ankayenda mopepuka, ndipo anthu omwe aja ankanong'ona anayamba kufunsa Ednah kuti wamudyetsa chiyani. Iye ankawafotokozera mosangalala, mpaka amayi awiri a kutchalitchi anawapatsa nambala ya Nelesi. Tsiku lokayezetsa kukiliniki linafika n'kudutsa. Palibe anaona chifukwa chokaima pamzere munthu ali bwinobwino.

Chaka chimenecho mvula inali itadula pakati, chimanga chinapsa chisanabereke. Kenako magetsi anayamba kusowa. Ankabwera maola atatu patsiku, masiku ena osabwera n'komwe, ndipo pampu inkangokhala chete. Tenson anali atabzala tomato wambiri, poganiza kuti ndi amene awapulumutse pa njala. Pofika Okutobala tomatoyo anali atachita maluwa, ndipo masana masamba ankafota n'kugwa ngati makutu a mbuzi. Iye anayamba kutunga madzi pachitsime chakale cha kumunsi kwa puloti ndi ndowa ziwiri, ulendo ndi ulendo. Kudya anachepetsa, kulankhula anachepetsa. Akakhala pansi maso ankangoyang'ana babu la pakhonde ngati liyake.

Mutu wakunkhongo uja unabwerera. Ednah anamuimbira Nelesi.

"Musayope, mulamu. Ni doti ikuchoka mu thupi. Onjezelani, azimwa atatu atatu. Futi muwauze aleke kuganiza maningi."

"Azaleka bwanji kuganiza, tomato ikufa?"

"Apemphele. Nkhawa ndiye matenda yeniyeni."

Lachinayi lina masana Ednah anali kuthyola repu pamene anamva ndowa ikugubuduka. Anatembenuka n'kuona Tenson atagwada pakati pa mizere, dzanja limodzi likufufuza pansi ngati wataya kanthu. Anathamanga. Pakamwa pake panali patapotokera kumanzere, dovu likutsika pachibwano.

"Atate ake Kondwa! N'chani? Kambani!"

Tenson anayesa kuyankha, koma mawu anatuluka ngati a munthu wodzaza madzi m'kamwa. Ednah anakuwa mpaka Yotam, mnansi wawo wa puloti yoyandikana, anadumpha mpanda. Yotam anali ndi kagalimoto kakale konyamulira ndiwo kupita kumsika. Anataya mabokosi pansi, anayala matumba, ndipo awiriwo anamunyamula Tenson n'kumugoneka kumbuyo. Msewu wafumbi wopita ku tala unali wa mabampu okhaokha. Ednah anakhala ataika mutu wa mwamuna wake pamiyendo, akumuphimba kudzuwa ndi chitenje, ndipo njira yonse ankangobwereza mawu amodzi, "Musanisiye, musanisiye."

Kuchipatala cha paboma anamulandira mwachangu. Atamuyeza, namwino anaitana mnzake kuti adzaone manambala. Patapita nthawi kunabwera dokotala wina wamwamuna, wa imvi pang'ono, dzina lake Chabala. Anamuitanira Ednah pambali.

"Amai, amuna anu achita sitiroko. Bipi yao inakwela maningi. Mu kabuku kao alemba kuti anali pa mankhwala. Anamwa lelo?"

Ednah anayang'ana pansi. "Analeka."

"Liti?"

"Mu Meyi."

Anafotokoza zonse, za chifuwa, za Nelesi, za chimbudzi. Anatulutsa botolo lija, lomwe analitola pothamanga poganiza kuti mwina lifunika. A Chabala analitembenuza uku ndi uku.

"Apa sanalembe vamene vili mukati, olo kwamene anapangila. Kapena ni masamba zoona, kapena muli vinangu. Ine siniziba, na amene anakupatsani saziba." Analibweza. "Vakudya munachita bwino. Mchele, mafuta, vonse ivo ni vamene timauza anthu. Koma vinafunika kuyendela pamodzi na mapilisi. Bipi siimveka, amai. Munthu angaoneke bwino, mukati mizipe ikutopa."

"Nanga chifuwa chija?"

"Chija chibwela na mtundu umodzi wa mapilisi, tichiziba bwino. Tikamva chabe timachinja, tapatsa munthu yenangu. Sembe munabwela kutiuza."

Ednah anadzutsa mutu.

"Tinayenda ku kiliniki, ba dokota. Tinaimilila kuchoka kuseni. Ninakamba na pakamwa panga apa. Anatiuza ati azazolowela."

A Chabala anasisita cholembera ndi chala.

"Ngati ni so, anafunika kukumvelani," anatero motsitsa mawu. "Pepani."

Kupepesako sikunamupeputse Ednah. Anatuluka n'kukakhala pabenchi ya panja. Akanakonda akanamukalipira, kapena akanamuuza kuti wolakwa ndi namwino uja yekha, kapena Nelesi yekha. Koma nthawi iliyonse akatseka maso ankaona dzanja lake lomwe lili pamwamba pa dzenje la chimbudzi.

Tenson anakhala m'chipatala masiku khumi ndi awiri. Anatuluka ali moyo, koma mwendo wakumanzere ankaukoka, ndipo dzanja linali lopindika pachifuwa. Mawu ankatuluka amodziamodzi, movutikira. Mapiritsi atsopano sanamupatse chifuwa. Kondwa anabwera kuchokera ku Kafue, anakhala sabata, ndipo atamva nkhani yonse sanawanene mayi ake kanthu. Ankangowayankha mwachidule, maso ali kwina. Tomato yense anauma. Yotam anapulumutsako mizere iwiri ya repu pothirira ndi madzi ake.

Nelesi anabwera Loweruka lina, mvula yoyamba itagwa. Ednah anamuona akutsika njira ya kupuloti ndipo mtima unamutentha. Anali atakonza mawu ambiri masabata onsewa. Koma Nelesi atayandikira, mawuwo anathawa. Diresi linkamulendewera m'mapewa, masaya atalowa, milomo itang'ambika. Asanapereke n'komwe moni anapempha madzi, anamwa makapu awiri motsatizana, n'kupempha yachitatu.

Analowa m'nyumba, anagwada pafupi ndi mpando wa mlongo wake, n'kulira kwa nthawi yaitali. Tenson anamuika dzanja labwino lija pamutu. Atatuluka, Nelesi anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo lina.

"Mulamu, nabweletsa iyi. Akuti imatsegula mizipe ya sitiroko. Kuli amai ena ku gulu kwathu anayamba kuyenda."

"Bweza mu chola."

"Mulamu, sembe munaonjezela monga mwamene ninakambila..."

"Ninaonjezela, Nelesi. Atatu atatu. Bweza."

Nelesi anabweza botolo pang'onopang'ono. Ednah anamuyang'ana kumapazi ndipo anaona kuti chala chachikulu chakumanja chamangidwa ndi kansalu kodetsedwa.

"Apo pachita chani?"

"Nsapato inanidya chabe."

"Liti?"

"Papita mwezi. Pazapola."

Ednah anamuyang'ana kumaso. "Mapilisi yako ya shuga ukali kumwa?"

Nelesi anayang'ana kudimba. "Ninaleka mu Epulo, pamene nikalibe kubwela kuno. Mulamu, muganiza ningapatse m'bale wanga chinthu chamene ine sinikhulupilila? Yaja mapilisi yanali kunitsegula m'mimba tsiku na tsiku. Pa msika ninali kuchita manyazi. Kuonda uku ni thupi ikuziyeletsa, anatiuza kuti viyamba so."

"Nelesi, yang'ana akalongosi ako mu nyumba umo."

"Aja ni nkhawa ya tomato inawagwetsa."

"Na nkhawa, na ine, na iwe. Tonse." Ednah anamugwira dzanja, ndipo linali lopepuka ngati la mwana. "Gona kuno. Pa Mande tiyende ku boma. Kuli ba dokota bamene bamvela munthu akakamba. Uwauze va m'mimba, kapena kuli mtundu wina."

"Pa Mande nili na mabelo ya salaula yobwela."

"Mabelo yazakulindila."

Nelesi anadya pang'ono, anamwanso madzi, ndipo dzuwa litapendeka ananyamula chikwama kuti akapeze minibasi yomaliza. Ednah anamuperekeza mpaka pamsewu, akumuchonderera njira yonse. Nelesi ankayenda motsimphina, akuzemba matope. Minibasi itaima anakwera, n'kukhala pawindo.

"Nizaganizapo, mulamu," anatero.

Ednah anabwerera kunyumba. Panjira anakumbukira amayi awiri a kutchalitchi aja amene anawapatsa nambala. Mmodzi ankakhala kutsidya kwa kamtsinje, winayo pafupi ndi sukulu, ndipo sankadziwa kuti afika pati ndi mabotolo awo. Anapeza Tenson atadzikoka yekha mpaka pakhomo, atatsamira mphuthu ya chitseko, akupuma mwamphamvu.

"Ne... le... si?" anafunsa.

"Wayenda."

Anamukhazika pampando, anamupatsa madzi ndi piritsi lamadzulo, n'kudikira mpaka atameza. Kenako anavala nsapato zake za pulasitiki, anapempha mkazi wa Yotam kuti azimuyang'anako Tenson, ndipo anatsika njira ya kukamtsinje kusanade.