Mtedza wa NyaZimba Ukwera Ndege

Kalata ya Linah inafika ku Chikomeni mu Seputembala wa 1993, ndipo mayi ake, Tryphena NyaZimba, anawerengetsa kalatayo kwa anthu atatu. Sikuti koyambako sanamve ayi, ankangofuna kuti mudzi wonse umve nawo. Mwana wawo, yemwe ankaphunzira zaulimi ku yunivesite ku Lusaka, anali atasankhidwa kutsagana ndi mphunzitsi wake ku India kukachita kafukufuku. Kumapeto kwa kalatayo analemba kuti, "Amama, mundisungile nshawa zija zing'onozing'ono zofiila, nizanyamula."

Mtedza umenewo NyaZimba ankayenda nawo mapewa m'mwamba. Chilala cha 1992 chitapsereza minda ya anthu, wokhawo ndi umene unabereka. Koma unali utatsala wochepa: chitini chimodzi chodya, ndi mtsuko umodzi wa mbewu womata ndi dothi.

Tsono NyaZimba anachita zimene mayi aliyense wolongosoka akanachita. Mwana wopita kutali sapatsidwa kamba wamuwisi ngati kwawo kulibe moto. Anaswa chitini chonsecho, nakazinga pang'onopang'ono, nawaza madzi amchere, mpaka fungo linaitana ana a mudzi woyandikana.

Linah anabwera kudzatsanzika, ndipo anali ndi tsiku limodzi lokha. "Monile, amama," anatero atagwada. Mayi ake sanadikire n'komwe kuti apume, anamuika phukusi m'manja. Mtsikanayo atamasula, nkhope inagwa.

"Amama, mwakazinga?"

"Nanga nikanatani? Ufuna amwenye akaseke kuti NyaZimba sadziwa kukazinga?"

"Ni za mbeu, amama! Aphunzitsi anga, a Dokotala Mwanza, ananisankha pakati pa anthu fote chifukwa ninalemba za nshawa zanu. Tikazibyale kumeneko, tione chifukwa chake sizifa na dzuwa. Nikabwelela chimanjamanja, azatenga wina."

NyaZimba anachita manyazi, kenaka anakwiya, kenaka anaona misozi m'maso mwa mwana wake, mkwiyo n'kuthera pomwepo. Anafunsa kuti pakufunika wochuluka bwanji. Makilo awiri. Mumtsuko muja munali womwewo basi, ndipo mvula inali itatsala miyezi iwiri. Mbewu imeneyo panalibenso wina amene anali nayo, ngakhale mutayenda mpaka ku Kapichila. Ikakafera ku India, ndiye kuti yatha.

NyaZimba anadzuka n'kukatulutsa mtsukowo. Kenaka anatenga mpini wa khasu n'kugogoda dothi la pakamwa pa mtsuko.

"Tenga, mwana wanga. Koma ukawauze, izi sizifuna kukwililidwa kwambili."

Chaka chimenecho NyaZimba anabzala mtedza wopempha, wa masamba ambiri koma pansi pali mbee. Kuchitsime akazi anzake sanamusiye. "Ati theka anakazinga, theka anatumiza kwa amwenye," ankatero Gladys wa nyumba yoyandikana, enawo n'kumafa nazo. NyaZimba, yemwe pakamwa sankagonja kwa munthu, ankangosenza ndowa yake n'kumapita. Makalata awiri amene Linah analemba ankanena za kutentha, za tsabola ndi za kuyeza masamba tsiku ndi tsiku. Za mbewu ija ankangoti tidikire.

Linah anabwerako mu Ogasiti chaka chotsatira, atawonda, atadanso ndi dzuwa. Anthu atadzaza pabwalo, anatulutsa kathumba kosoka bwino n'kukhuthulira mayi ake m'chitenje. Unali mtedza uja, waung'ono, wofiira, wochuluka kuposa umene unapita.

"Anasiya kuthilila dala, amama," anatero Linah. "Mitundu yambili inafota. Yanu inaima."

Kenaka anapatsa mayi ake chithunzi. Munali munda waukulu wouma, pakati pake mizere isanu yobiriwira. Linah anaima pamenepo ndi mphunzitsi wake ndi ophunzira ena achilendo, ndipo kutsogolo kwawo kunali kachikwangwani. NyaZimba sankatha kuwerenga kalata, koma zilembo za dzina lake ankazidziwa, poti n'zomwe zinali pakhadi lake la kutchalitchi. Anazitsata ndi chala chimodzichimodzi mpaka kumapeto. Iye amene sanapitirirepo Chipata, dzina lake linali litaima m'munda kutsidya kwa nyanja.

"Yewo," ananong'ona mothokoza. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, n'kupereka chithunzicho kwa Gladys kuti naye aone bwinobwino, asafulumire. Chitabwerera, anachiyang'ananso n'kupukusa mutu.

"Koma Linah, anthu ophunzila chonchi, n'kubyala nshawa zanga motalikana tele? Ukawalembele, chaka chino aziyandikize."