Mchere wa a Pulofesa

Zaka zitatu ndinakhala ndikuweramira maikulosikopu m'labu, kudikira kuti puloteni yathu iundane n'kukhala timiyala. Pantchito yathuyi, popanda timiyala totere sungaone mmene puloteni inaumbidwira. Tsiku limene timiyalato tinaoneka, tikunyezimira ngati magalasi oswekasweka, a Pulofesa anathamangira kujambula chithunzi asanandipatse n'komwe moni.

Ine ndinatenga kamodzi n'kukayeza m'makina a ekisireyi. Puloteni imatulutsa timadontho tambirimbiri tothithikana. Apa panatuluka madontho owerengeka, akuluakulu, otalikirana. Unali mchere chabe, wochokera m'madzi amene tinasungunuliramo puloteniyo.

A Pulofesa ndinawapeza mu ofesi akupukuta nsapato.

"Bwana, timiyala tija ndi mchere."

"Wauzako wina aliyense?"

"Ayi."

"Zikhale choncho. Chithunzi ndatumiza kale kumsonkhano. Ukufuna ndikaoneke chitsiru?"

"Nanga akakafunsa zotsatira za makina?"

"Tidzati tikuziunikabe. Kodi iwe digiriyi ukuifuna kapena ayi?"

Mlungu wotsatira ndinakhala pampando wakumbuyo m'holo ya msonkhano uja. Chithunzi chija chinadzaza khoma lonse. A Pulofesa, bambo yemweyo amene anandiphunzitsa kuti wasayansi sanama, anadzigwira pachifuwa n'kunena kuti ntchitoyi inawatayitsa thukuta losaneneka. Kenaka anandiloza kuti ndiimirire, anthu andione.

Ndinaimirira. Anthu ophunzira mazana awiri, ena aimvi mutu wonse, ankaombera m'manja mchere. Ndipo ine, ndi manja anga omwewa, ndinaomba nawo.